Mawu a Limbani M'kompyuta ya ku Chinsapo

Dedza, ntchito yanga yoyamba

Ana anga, Tiyamike ndi Mphatso, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Munazimva kokwanira kwa agogo anu, ndipo zambiri zinali zothira mchere. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa.

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa mu ofesi ina ya zaulimi ku Dedza. Ndinafika ndili mtsikana wa ku Ntcheu wonenepa masaya, wodzimva kuti sukulu ndaitha. Kuzizira kwa kumeneko kunandichotsa matama msanga, chifukwa m'mwezi wa Juni zala zinkauma moti ndinkayamba ndazifungatira m'khwapa ndisanagwire makina. Mapepala ankasowa, riboni ankasowa. Riboni akafooka tinkamutembenuza, akafookanso tinkamudonthezera mafuta a nyale kuti alembeko tsiku lina. Bwana wanga, a Kachingwe, anali munthu wosaseka, wa ndevu zonunkha fodya. Tsiku lina anandipeza ndikufotokozera mnzanga za kalata ya munthu wina wochotsedwa ntchito imene ndinataipa. Sanakalipe. Anangoti, "Nangozo, taipisti ndi chala. Si khutu, si pakamwa. Chimene wataipa, wachiiwala." Mawu amenewo ndinayenda nawo m'maofesi onse amene ndinagwiramo, ndipo ndinkawasunga bwino mpaka pamene ndinakumana ndi Anasibeko.

Lilongwe, makina akale atatha ntchito

Makompyuta atafika m'maofesi, ife otaipa tinasanduka mipando yakale. Bambo anu anali atamwalira, inu muli kusekondale, ndiye ndinalibe nthawi yolira. Ndinakaphunzira kompyuta pamodzi ndi ana a msinkhu wanu, amene ankandiseka kuti ndimamenya mabatani ngati ndikusinja. Mwa mwayi, bungwe lina linatsegula kachipinda ka makompyuta ku Chinsapo, kufupi ndi msewu wa ku Likuni, kuti anthu azitaipitsa makalata ndi kuphunzira. Anandilemba ntchito kumeneko.

Woyang'anira anali a Mhango, bambo wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, wokonda malamulo kuposa tiyi. Ankanditchula kuti Amama Nangozo. Munthuyo sanali woipa, koma chinthu chikalembedwa papepala la ku likulu la bungwe, kwa iwo chinali ngati chatsika paphiri la Sinai. Makompyuta analipo angapo, koma yamoyo weniweni inali imodzi, ya patebulo langa. Magetsi ankazima nthawi imene afunira. Fumbi la ku Chinsapo linkalowa paliponse, moti ndinasokera kompyutayo chovala cha chitenje.

Foni yolowa m'kompyuta

Chaka china a ku likulu anakonza pulogalamu yophunzitsira alimi a m'madimba. Anaiwala chinthu chimodzi: pulogalamuyo inkagwira pa mafoni akuluakulu okha, ogwira ndi chala pagalasi aja, ndipo pa ofesi pathu panalibe ngakhale mmodzi amene anali nayo. Anatitumizira katswiri wawo, a Chirwa, bambo wa mimba yake ndi nthabwala zake. Anakhala pampando wanga, n'kuika chinthu chimene ankachitcha emyuleta. Atatsegula, pakati pa galasi la kompyuta panaimirira chithunzi cha foni, yathunthu, ndi tizithunzi take tonse.

"Mayi, apa kompyuta yanu ikunamizira kukhala foni," anatero a Chirwa. "Mapulogalamu a pafoni akalowa muno amaganiza kuti ali kwawo. Kamuvi aka ndiye chala chanu. Mukafuna foni yachiwiri, mumapanga ina pambali. Koma muzitsegula imodziimodzi, gogoyu alibe mphamvu."

Zinalidi choncho. Foniyo inkatenga nthawi kudzuka, kompyuta ikulira ngati chigayo chakutali. Alimi anabwera masiku ochepa n'kusiya. Koma a Chirwa asanachoke anaikamonso pulogalamu yotumizirana mauthenga ndi mawu, ija aliyense akuidziwa masiku ano, ndipo imeneyo ndi imene inatibweretsera anthu. Mbiri inayenda m'misika kuti ku ofesi kuja kuli foni yolankhulira ndi a ku Joni. Amayi a timafoni ta mabatani anayamba kubwera. Njira yake inali yosavuta. Ndinkapanga foni yatsopano m'kompyuta, n'kulemba nambala ya mayiyo. Pa kafoni kake pankabwera manambala achinsinsi, khodi, ine n'kuwataipa. Basi, mayi uja wakhala ndi foni yake mkati mwa kompyuta yanga, ya dzina lake.

A Mhango poyamba anakana. "Amama Nangozo, izi sizili m'malamulo." Ndinawafunsa ngati malamulo akufuna chipinda chopanda anthu. Anaganiza tsiku lonse, n'kundilola masana okha.

Panali vuto limodzi limene sindinaliganizire. Kuti munthu ajambule mawu ake, pankafunika kupanikiza batani la mausi osasiya mpaka atamaliza. Amayiwo mausi ankaiopa, ndiye wopanikiza ndinali ine. Mahedifoni anali ofa, tinkamvera pa kasipika. Motero chala changa chinalowa m'mabanja a anthu. Ndinamva za mimba zobisa, za maukwati otha, za matenda amene munthu sanauze ngakhale mbale wake. Ndinkayang'ana kukhoma, ndikudzikumbutsa mawu a a Kachingwe.

Anasibeko

Anasibeko anali mayi wogulitsa makala, wa kwathu ku Ntcheu, wamasiye ngati ine, wotsimphina mwendo wamanzere. Mwana wawo anali mmodzi, Limbani, amene ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni. Pochoka anawasiyira kafoni kake kakale ka mabatani ndi nambala yake yomwe. Nambala imeneyo ndi imene tinatsegulira foni yawo ya m'kompyuta.

Ankabwera Lachinayi lililonse. Manja akuda ndi makala ankawasamba pampopi wa panja, n'kumanga chitenje chatsopano pamwamba pa chantchito. Ndinkawaseka. "Anasibeko, mwanayo sakuonani ayi, ndi mawu okha." Iwo ankati, "Inu Anangozo, munthu salankhula ndi mwana wake ali mbuu ngati wochokera kudambwe." Akayamba kulankhula chala changa chinkachita dzanzi. Ankapereka moni wa aliyense wa mumzere wa nyumba zawo, mpaka nkhuku. Limbani naye anali wolongolola, woseka asanamalize nthabwala yake. Sindinamuonepo ndi maso, koma ndinafika pomudziwa ngati mwana wa m'nyumba mwanga. Kunena zoona, Lachinayi ndinkaliyembekezera inenso.

Chaka cha mliri

M'chaka cha mliri wa korona, malire atatsekedwa, tinkagwira ntchito titavala zotseka pakamwa, anthu akulowa mmodzimmodzi. Lachinayi lina m'mawa ndinatsegula foni ya Anasibeko kuti mauthenga alowe iwo asanafike. Panali voisi ya Limbani ya kumayambiriro kwa sabata, ndi ina ya nambala yachilendo. Ndinatsegula yachilendoyo poganiza kuti ndi otsatsa malonda. Anali mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Anati Limbani anadwala chifuwa masiku ochepa, anamutengera kuchipatala, ndipo watisiya.

Kwathu uthenga wa maliro sauponyera mayi ngati mwala. Umayamba wafika kwa mwini mbumba, iye n'kupeza amayi anzake oti akamugwire. Anasibeko atafika ndi chitenje chawo chatsopano, ndinawaseweretsa voisi ya Limbani yokha. Anaseka, anayankha, ine ndikupanikiza batani, ndikudziwa kuti mawuwo akupita kwa munthu amene kulibe. Sindinasiye mpaka anamaliza. Atatuluka ndinapempha chilolezo kwa a Mhango, n'kukwera minibasi kupita ku Chigwirizano kwa mlongo wawo, a Yohane. Madzulo a tsiku lomwelo, kulira kunamveka mpaka pamsewu.

Mtembo sunabwere. Njira zinali zotseka, ndipo anzake anamuika konko. Abale anapita ku Ntcheu kukachita mwambo wa maliro opanda mtembo. Ine sindinapite, chifukwa a Mhango anati ofesi singatsekedwe. Ndinangomva kuti anakumba manda, n'kuikamo kabokosi ka zinthu zake, kuti mzimu wake udziwe kwawo.

Atameta, Anasibeko anabweranso Lachinayi. Anasamba m'manja, anamanga chitenje, anakhala pabenchi.

"Ndiikireni yomaliza ija."

Ndinaika. Mawu a Limbani anadzaza chipinda.

"Amayi, ndine Limbani wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno kwazizira moti ndavala mathalauza awiri ngati wamisala." Apa ankaseka, kenako n'kutsokomola pang'ono. "Mwendo uja mukupakabe mankhwala? Musamasenze thumba lonse la makala, mwakula inu. Zikatseguka ndibwera, mudzandiphikire nkhwani wotendera. Basi, galimoto yafika. Muzindipempherera."

Sanalire. Anangoti, "Bwerezani." Kuyambira pamenepo zinakhala choncho Lachinayi lililonse, mvula kaya dzuwa. Ena amakasesa pamanda. Anasibeko manda a mwana wawo enieni sanawaonepo, ndipo a ku Ntcheu anali kutali. Kumene Limbani ankapezeka kunali patebulo langa. A Yohane anabwerapo kudzandidandaulira kuti mlongo wawo sakuiwala chifukwa cha makina angawa. Ndinawauza kuti akawaletse okha ngati angathe, ndipo sanayesere.

Sabata yotseka

Mliri utatha, thandizo la bungwe linayamba kuuma. Inali nthawi ija mafuta a galimoto ankasowa, mizere ya pamafilingi siteshoni ikufika mpaka kumisika. Lolemba lina a Mhango anandiwerengera kalata ya ku likulu: chipinda chitsekedwa, Lachisanu kubwera lole kudzatenga makompyuta, ndipo zonse za mkati zikafufutidwa asanazipereke kusukulu ina. Ine ndinali nditatsala pang'ono kupuma, choncho za ntchito sizinandiwawe kwambiri. Mtima unathamangira kwa Limbani.

Iwe Tiyamike ukukumbukira kuti ndinabwereka foni yako yaikulu ija tsiku limenelo, ndipo unanyinyirika. Ndinkafuna kutumizirako mavoisi onse. Koma nditatsegula foni ya Anasibeko m'kompyuta, mauthenga sanaoneke. Panali chikalata chonena kuti nambalayi yalembetsedwa pa foni ina, ndipo kuti tilowenso tiike khodi yatsopano. Ndinatuma uthenga kumsika kuti Anasibeko abwere msanga. Anafika ndi makala m'manja, osasamba.

"Anasibeko, kafoni kanu kaja kali kuti? Pabwera manambala pamenepo."

"Kali ndi mwini wake."

"Mwini wake ndani?"

"Limbani. Si kanali kake? Akuluakulu anati tiike zimene ankagwira ndi manja ake. Malaya, nsapato, ndi kafoniko. Ndinakaika ndekha pamwamba." Anandiyang'ana. "Ndinalakwa?"

Ndinawauza kuti sanalakwe, ndipo mpaka lero ndimatero. Iwo ankadziwa kuti foni yawo ili m'kompyuta. Ndani akanawauza kuti foni ya m'kompyutayo moyo wake uli pa kakhadi kakang'ono kamene kagona pansi pa dothi ku Ntcheu?

Ndinaimbira a Chirwa, amene anali atasamutsidwira ku Mzuzu. Anandifotokozera kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, imaperekedwa kwa munthu wina. Munthuyo ndi amene watsegula pulogalamu ija pa foni yake, ife n'kutulutsidwa.

"Koma mavoisi akadali mkati, mayi, sanafufutike," anatero. "Ndikanakhala pafupi ndikanawatulutsa. Kungoti mafuta kulibe, mabasi sakuyenda bwino, ndipo abwana sangandilole. Njira zilipo ziwiri. Muimbire mwini nambala watsopanoyo, munene kuti ndinu a kukampani ya mafoni, layini yake itsekedwa akapanda kutchula manambala amene abwere. Anthu amapereka. Mukalowa, mutumize mavoisiwo mwachangu. Iyeyo atulutsidwa kwa kanthawi, koma adzabwereranso."

"Yachiwiri?"

"Mumasule timasikuluwu kumbuyoko, muchotse diski imene imasunga zonse, muike m'chikwama. Kompyuta yakale ngati imeneyo, ndani adzafunse?"

Yoyamba ndinaikana pomwepo. Mabodza amenewo ndi amene akuba amabera nawo amayi anzanga tsiku ndi tsiku, ndipo ine sindikanayamba ntchito imeneyo ndi imvi kumutu. Ndinati ndiimba, koma ndinena zoona. Anayankha mayi wachitsikana, kumbuyo kukumveka mwana akulira ndi kondakitala akuitanira za ku Area 23.

"Halo, ndani?"

"Pepani mayi, simukundidziwa. Nambala muli nayoyi kale inali ya mnyamata wina amene anamwalira ku Joni. Mawu ake omaliza ali m'kompyuta kuno ku Chinsapo, ndipo mayi ake ali pompano. Pafoni yanu pabwera khodi. Mukatiuza, tingotulutsa mawuwo, kenako..."

"Khodi? Eee! Ndiye mwati ndikupatseni khodi? Akuba inu, mwayamba kutuma azimayi tsopano? Mpaka kunamizira maliro, shuwa? Mulibe manyazi!"

Anadula. Nditayesanso, anali atatitsekera. Sindinamukwiyire. Mwana wanga akanachita zomwezo ndikanamuyamikira kuti ndi wochenjera.

Ndinapita kumsika kukafunsa okonza mafoni. Wina anati amadziwa foni, wina anati amadziwa kompyuta, koma foni ya mkati mwa kompyuta onse anaipukusira mutu. Mmodzi anati ndimubweretsere diskiyo aisunge sabata, aone. Ndinabwerera kwa a Mhango n'kuwapempha poyera kuti andilole kuichotsa.

"Amama Nangozo," anatero atavula magalasi, "mayiyo ndimamumvera chisoni, Chiuta ndi mboni. Koma katunduyu ndinasainira ndine. Komanso taganizani, m'menemo muli Limbani yekha? Muli amayi angati amene anaulula zamumtima pamaso panu? Mukapereka kwa munthu wa kumsika, mawa zikamveka pa Chinsapo ponse, mudzati chiyani?"

Ndinawayankha mwaukali kuti malamulo awo sanaberekepo mwana. Anangovala magalasi awo.

Lachinayi masana a Mhango anapita kukapereka makiyi ena kwa mwini nyumba, ndipo ndinatsala ndekha. M'chikwama mwanga munali sikuludiraiva imene ndinabwereka kwa wokonza njinga. Ndinavula kompyuta chitenje chake, ndinaitembenuza, ndinaona timasikuluwu tija. Ndinaganiza za Anasibeko. Ndinaganizanso za mayi wina amene anauza mwamuna wake za magazi ake chala changa chili pabatani, ndi mtsikana amene anaulula mwini mimba. Onsewo analankhula momasuka chifukwa ankakhulupirira kuti ine ndine chala chabe. Kuti ndipulumutse mawu a mmodzi, ndikanayenera kunyamula zinsinsi za onse kupita nazo kumsika, ndipo wochotsedwa ntchito mwamanyazi akanakhala a Mhango. Ndinabweza sikuludiraiva m'chikwama. Sindinena kuti ndinachita bwino, sindinenanso kuti ndinalakwa. Ndinasankha, ndipo zinandiwawa.

Lole inabwera Lachisanu m'mawa. Mafuta a ulendo umenewo okha anapezeka.

Lachinayi lotsatira

Ndinapita kukathandiza a Mhango kusesa chipinda tisanachipereke. Patebulo langa panatsala chizindikiro cha fumbi pamene kompyuta inkakhala. Ndinamva mpopi wa panja ukutsegulidwa, ndipo ndinadziwa. Anasibeko analowa atamanga chitenje chawo, n'kukhala pabenchi. Ndinali nditawauza kale zonse, koma miyendo inawabweretsa yokha.

Kenako anati, "Anangozo, si munkamva nawo inu?"

"Ndinkamva."

"Ndiye nenani ndinu."

A Mhango anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kutuluka panja mwakachetechete. Ine ndinayang'ana pa fumbi paja. Moyo wanga wonse ndinaphunzitsidwa kuiwala zimene zadutsa m'manja mwanga, koma nditatsegula pakamwa mawu anatuluka onse, mwa ndondomeko yake. "Amayi, ndine Limbani wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko?" Nditafika pa mathalauza awiri ndinalira ngati mwanayo ndi wanga. Iwo anandidikira. Nditamaliza anati, "Bwerezani."

Masiku ano

Tsopano mwadziwa chifukwa chake mayi wotsimphina uja amabwera kuno kunyumba Lachinayi, ndi chifukwa chake ndimakuuzani kuti muzimitse wailesi. Iwe Mphatso unafunsapo ngati ndi mapemphero. Makala anasiya kugulitsa, maso akuchita chifunga, koma m'manja amasambabe pampopi asanalowe.

Chimene chikundiopsa ndi mutu wangawu. Wayamba kutaya zinthu. Mwezi wathawu ndinati, "mudzandiphikire chigwada," ndipo Anasibeko anandigwira dzanja.

"Sanatero. Anati nkhwani wotendera."

N'chifukwa chake mawuwo ndawalemba m'masamba ano onse, monga anawanenera. Tsiku limene ndidzasokoneze kwambiri, kapena ndikadzapita ine poyamba, mmodzi wa inu adzatenge tsambali akawawerengere. Musadzathamange. Mukafika pa mathalauza awiri mudzaime pang'ono, chifukwa pamenepo ankaseka. Kusekako ndayesa, sindikutha, ndipo Anasibeko anandiuza kuti ndisamayesere. Amati ndizingokhala chete pamalopo, amamumva okha.